Batire la galimoto yamagetsi silifa pakangotha zaka ziwiri

Nkhaniyi ndatopa nayo kuimva, m'minibasi ngakhale m'magulu a pafoni. Akuti batire la galimoto yamagetsi limatha pakangopita zaka ziwiri ngati la foni, kenako galimotoyo n'kusanduka chogonamo nkhuku.

Batireli limafooka ndithu, koma pang'onopang'ono. Makampani ambiri amapereka chitsimikizo cha zaka 8 kapena makilomita 160,000, ndipo amalonjeza kulikonza kapena kulisintha mphamvu yake ikatsika osafikanso cha m'ma 70 peresenti nthawiyo isanakwane. Ndani angalonjeze zotere pa katundu wofa msanga? Komanso m'galimotomo muli kakompyuta koyang'anira kutentha, koletsa batire kudzaza mopitirira kapena kutheratu. Zambiri zatsopano zilinso ndi madzi ozungulira oziziritsa batire, zomwe foni yanu ilibe.

Mphekeserayi ili ndi pochokera pake. Galimoto zina zoyambirira, za m'ma 2011, zinalibe choziziritsira, ndipo kumadera otentha mabatire ake ankafooka msanga. Choncho wogula yakale yochokera ku Japan kuti azikayendera ku Nsanje asamale ndithu.

Kufufuza n'kosavuta. Werengani za chitsimikizo m'kabuku ka galimoto. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, uzani wogulitsa apime batire ndi makina, akuonetseni mphamvu yotsala, kenako muitchaje n'kuiyendetsa nokha.

Uthenga wotere ukakufikaninso, funsani wotumizayo kuti akunena galimoto iti, ya chaka chiti. Akalephera kuyankha, chonde musautumize kwa ena.