Mkangano wa sosi wa cranberry, wam'chitini kapena wamumphika, unachokera kuti?

Novembala akangofika anthu a ku America amayamba kukangana za sosi wa cranberry. Mbali imodzi ikuti sosi weniweni ndi wophika wekha, zipatso, shuga, makoko a lalanje ndi kamowa ka malalanje ngati Grand Marnier kapena Cointreau kothira kumapeto. Mbali inayo ikuti ayi, wathu ndi wam'chitini, uja amatuluka wathunthu ngati chipika mizere ya chitini ikuonekabe, kumangodula mapisi basi. Ndipo sikuti amaseka ayi, anthu amakwiyitsana zenizeni patebulo la Thanksgiving, chikondwerero chawo chothokoza cha kumapeto kwa Novembala, ndiye ndinafuna ndione kuti zinayamba bwanji.

Kwa amene simunakaonepo, cranberry ndi kachipatso kofiira komera m'madambo ozizira a kumpoto kwa America, kuwawasa kwake ganizani za chidede kapena bwemba, kudya kosathira shuga nkhope imachita kukwinyika. A Wampanoag, mtundu wina wa eni dziko kumeneko, ankathyola zipatsozi azungu asanafike, ndipo mpaka pano a ku Aquinnah pachilumba cha Martha's Vineyard amakhala ndi tsiku lawo la cranberry mwezi wa Okutobala.

Ambiri amangoti sosiyu analipo pa phwando la 1621 ku Plymouth, lomwe amati ndiye Thanksgiving yoyamba. Koma kalata ya Edward Winslow, Mngelezi yemwe analipo pamalopo, imakamba za mbalame zomwe anasaka, za Massasoit, mfumu ya a Wampanoag, ndi anthu ake pafupifupi 90, za agwape asanu, masiku atatu akudya, koma cranberry mulibemo, ndipo shuga nthawi imeneyo anali wosowa kwambiri. Ine umboni umene ndimaukhulupirira ndi wa John Josselyn wa mu 1672, yemwe analemba kuti eni dziko ndi Angelezi omwe ankaphika zipatsozi ndi shuga nkumadyera nyama. Kenako buku la zophikaphika la Amelia Simmons la 1796 limanena kuti nkhukundembo yootcha iperekedwe ndi sosi wa cranberry. Palinso nkhani imene imayenda kwambiri yoti General Grant, mkulu wa asilikali pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America, analamula kuti asilikali apatsidwe sosiyu mu 1864, koma oifotokoza amangobwerezana okhaokha, ndiye sindiitsamira. Mowa wa malalanjewo ndiye wachita kubwera mochedwa, Grand Marnier anayamba kupangidwa ku France mu 1880, posakaniza mowa wa mphesa wotchedwa cognac ndi malalanje owawa, choncho wonena kuti kuthira mowawu ndi mwambo wa makolo a 1621 akuwonjezera.

Za ulimi ndingodutsa. Cha m'ma 1816 Henry Hall wa ku Dennis, Massachusetts, anaona kuti mchenga ukaulukira pa mbewu zake zimabereka bwino, ulimi wa cranberry nkuyambira pomwepo. Vuto linali loti zipatso zimapsa nthawi imodzi, msika wake milungu yochepa chabe, zotsala kuwola. Marcus Urann, loya yemwe anasiya zamalamulo nkugula dambo, anayamba kuphika sosi ndi kuika m'zitini mu 1912, ndipo mu 1930 anagwirizana ndi John Makepeace komanso Elizabeth Lee wa ku New Jersey kupanga kopaletivu ija timaidziwa lero kuti Ocean Spray. Sosi wolimba ngati jele uja anafika m'masitolo a dziko lonse mu 1941. Apa a m'chitini ali ndi mfundo, chitini chinapulumutsa alimi ku zokolola zowola, ndipo mabanja ambiri akula nacho kwa mibadwo itatu kapena inayi, kwa iwo mizere ija ndi chikumbutso cha tebulo la agogo awo.

Koma pamene zinthu zinatembenukira penipeni, mmene ndikuonera ine, ndi pa 9 Novembala 1959. Kutatsala masiku 17 kuti Thanksgiving ikwane, nduna ya zaumoyo Arthur Flemming inalengeza kuti zipatso zina zochokera m'zigawo za Oregon ndi Washington zapezeka ndi aminotriazole, mankhwala ophera udzu omwe anayambitsa zotupa za m'khosi mwa makoswe atawayesa. Mankhwalawa ankaloledwa kupopera pokhapokha zokolola zitachoka m'munda, koma alimi ena anapopera zisanachoke. Chaka cha 1958 kunali kutangokhazikitsidwa lamulo lotchedwa Delaney Clause loletsa kuwonjezera m'zakudya chilichonse chopezeka kuti chimayambitsa khansa, kaya nchochepa bwanji, ndiye a Flemming anali ndi lamulo kumbuyo kwawo. Anauza amayi kuti ngati sakudziwa komwe zipatso zachokera asagule. Nanga mayi ali m'sitolo angadziwe bwanji dambo lomwe chitini chachokera? Masitolo anatsitsa katundu yense m'mashelufu, malesitilanti anafufuta sosiyu pa menyu, alimi a ku Massachusetts, New Jersey ndi Wisconsin omwe sanalakwe kanthu anangoona ntchito ya chaka chonse ikuthera m'nkhokwe pa mulungu womwe amayenera kugulitsa kwambiri.

Andale nawo analowererapo. Richard Nixon, wachiwiri kwa pulezidenti nthawi imeneyo, ali ku Wisconsin anadya sosiyu mbale zinayi anthu akuona, John Kennedy anamwa juwisi wake, onse awiri maso ali pa chisankho cha pulezidenti cha 1960. Koma ku White House kwa Pulezidenti Eisenhower tsiku la Thanksgiving patebulo panali sosi wa maapozi, ndipo nkhani imeneyi itamveka alimi inawapweteka kwambiri. Atayeza katunduyo anapeza kuti woipitsidwa anali gawo laling'ono zedi, boma linadzalipira alimi mamiliyoni a madola chaka chotsatira. Olemba mbiri amasiyana, ena amati Flemming anateteza anthu monga lamulo limanenera, ena amati anaopseza dziko lonse chifukwa cha minda yochepa. Zonse ziwiri zili ndi pogwira, komabe ndikaganiza za banja loti lasamala dambo chaka chathunthu, kudzuka usiku kuteteza mbewu ku chisanu, mtima wanga umakhala kwa iwowo.

Chiphunzitso chomwe makampani anatengapo nchoti asadalirenso sabata imodzi pa chaka. Analimbikira majuwisi, wosakaniza ndi maapozi anatuluka mu 1963, ndipo zaka zomwezo kukolola kodzaza madzi m'dambo kunafala, zipatso zimayandama chifukwa mkati muli timphako ta mpweya, nkuzikokolola mwachangu. Koma zokololedwa m'madzi sizikhalitsa, zimapita ku fakitale. Lero zogulitsidwa zaziwisi ndi pafupifupi 5 peresenti yokha, ndipo zambiri mwa izo zimakololedwa pouma, pang'onopang'ono, ndi timakina tokankha ngati totchetchera kapinga. Ndiye munthu wophika yekha sosi kunyumba akudalira kagawo kakang'ono kameneka, kamene kamapezeka m'sitolo miyezi yochepa chabe.

Ine ndinauphikapo, ndipo sizitenga nthawi. Paketi ya magalamu 340, kapu ya shuga, kapu ya madzi kapena madzi a malalanje, pamoto. Pakapita mphindi zingapo mumangomva phu, phu, zipatso zikuphulika chimodzichimodzi, thovu lofiirira likukwera m'mbali mwa poto, fungo la makoko a lalanje lili thoo khitchini yonse. Simuthira ufa kapena chilichonse cholimbitsa, chipatsochi chili ndi cholimbitsa chake chachilengedwe chokwanira, chotchedwa pectin, mphindi 10 zokha supuni imayamba kulemera. Mukaphula ndiye mumathira masupuni awiri a Grand Marnier uja, poto akadali wotentha, kafungo kake kamakwera nthawi yomweyo. Ngati pali ana kapena osamwa mowa mumangowonjezera makoko a lalanje opala bwino. Mukatero muusiye uzizire, mawa lake umakhala utagwirana bwino, zipatso zina zikadali zathunthu mkati.