Njinga yamoto ikakana kulira, musathamangire kugula pulagi

Akabaza ambiri amakhulupirira kuti njinga ikakana kulira ndiye kuti pulagi, kachipangizo kothetheka moto woyatsa petulo mu injini, yafa. Nthawi zambiri pulagiyo imangoonetsa vuto lomwe lili kwina, n'chifukwa chake yatsopano imadanso pakangopita masiku ochepa.

Masulani pulagiyo muione. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, injini ikulandira petulo wambiri kuposa mpweya: mwina tchoko (yomwe mumakoka poliza injini yozizira) idaiwalika chikokere, kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Ikakhala yonona ndi oilo, kawirikawiri maring'i a pisitoni atha, ndipo ngakhale mutagula mapulagi khumi sizithandiza. Ikatuluka youma gwa mutaponda kiki kangapo, petulo sakufika. Onani kampopi ka pansi pa thanki, kenako masulani kasikuluwu ka pansi pa kabureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya). Pakapanda kutuluka kanthu, paipi kapena sefa ya petulo yatsekeka. Pakayamba kutuluka madzi musadabwe, petulo wa m'zigubu amabwera nawo.

Kuyesa moto n'kosavuta. Bwezerani pulagi m'kapu yake, igunditseni pa chitsulo cha injini, pondani kiki. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Pa njinga zambiri za 125cc, mpata wa kunsonga kwa pulagi ukhale 0.6 mpaka 0.7 mm. Moto ukasowa ngakhale ndi pulagi ina, yang'anani kaye switchi yofiira yozimitsira injini, kenako koilo (yomwe imatumiza magetsi amphamvu ku pulagi) ndi CDI (kabokosi kolamulira nthawi yomwe pulagi ithetheke moto).

Kiki ikamatsika mopepuka kwambiri, injini sikupanikiza mpweya mokwanira. Mavavu angakhale athina, ndipo makanika awachune injini ili yozizira.