Sikolashipu si mphoto ya okhoza kwambiri m'kalasi okha

Ambiri amene amalakalaka kukachita masitazi (digiri yachiwiri) ya ndondomeko za boma ku Britain amagwa ulesi asanayambe n'komwe. Amati sikolashipu imapita kwa amene anakhoza mapeto ku yunivesite, kapena kwa ana a mabwana. Maganizowa atilanda anthu abwino ambiri, ndipo zimandiwawa.

Taonani Chevening, thandizo la boma la Britain lomwe linayamba mu 1983. Imalipira fizi, ndege ndi ndalama yodyera mwezi ndi mwezi pa masitazi ya chaka chimodzi. Digiri imafunika, inde, koma chachikulu n'chakuti mwagwirapo ntchito zaka ziwiri, maola 2,800. Pa fomu mumalemba nkhani zosonyeza utsogoleri wanu ndi zomwe mudzachite mukabwerera kwanu, pakuti muyenera kubwerako n'kukhala zaka ziwiri.

Ndiye wogwira ntchito kukhonsolo amene anakhala pansi ndi mafumu mpaka mjigo wakufa unayambanso kutulutsa madzi ali ndi chonena. Nkhani yotere ndi yomwe owerenga mafomu amafuna.

Pa fomu ya Chevening, sankhani makosi atatu ogwirizana ndi ntchito imene mukuidziwa, kaya za madzi, zaumoyo kapena misonkho. Musathamangire dzina la yunivesite.