Mwana amayamba kulawa chakudya ali m'mimba

Amayi oyembekezera nkhani iyi ndi yanu, abambo nanunso musathawe ayi.

Tengani kalilole mutulutse lilime, muona tiziphuphu ting'onoting'ono. Mkati mwa tambiri mwa timeneto muli timagulu ta maselo tomva kukoma, kaya ndi shuga, mchere, kuwawasa kwa bwemba kapena kuwawa kwa luni. Kwa mwana timayamba kupangika mimba ili ndi masabata 7 kapena 8, pomwe ena sanauze n'komwe apongozi kuti zinthu zasintha, ndipo nthawi yomweyo mitsempha yonyamula uthenga imakhala ikumera kuchokera m'mutu kulowera ku lilime. Siyenda chisawawa. Pa mbewa za mu labu anaona kuti khungu la lilime limatulutsa puloteni yotchedwa BDNF imene imakoka nsonga ya mtsempha mpaka ifike pamalo pake penipeni, ngati mmene muzu umalondolera chinyezi, ndipo mtsempha ukaduka timagulu tija timafota.

Mitsemphayi ndi itatu mbali iliyonse, wa kutsogolo kwa lilime, wa kumbuyo ndi wa pakhosi. Wakutsogolowo umachita kudutsa mkati mwa khutu, n'chifukwa chake khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali likhoza kusokoneza kamvedwe ka chakudya, musamangotsekapo thonje pitani nalo kuchipatala.

Pofika masabata 14 kapena 15 timabowo ta pamwamba pa timagulu tija timakhala tatseguka, mwana akumeza madzi a m'nsupa, ndipo madziwo amatenga fungo la zomwe mayi wadya, adyo ndiye sabisika. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, a ku yunivesite ya Durham ku England anapanga sikani amayi a mimba za masabata 32 mpaka 36, ana a amayi omwe anameza ufa wa karoti ankaonetsa nkhope ngati akuseka, a omwe anameza wa masamba owawirako achibale a repu, otchedwa "kale" pa Chingerezi, ankakwinya nkhope ngati alira. Zikuoneka kuti zokana masamba zimayambira kutali eti. Koma fungo limene mwana wakumana nalo kawirikawiri m'mimba ndi m'mkaka wa m'mawere savuta nalo kwambiri akayamba phala pa miyezi 6.

Ndiye musamangoti nsima ya usipa daily. Sinthasinthani kuchokera m'magulu 6 aja a zakudya, lero bonongwe mawa nkhwani wotendera, chisoso, nyemba, dzira, papaya, zomwe zilipo kwanuko basi. Mowa ndi fodya zisiyeni, zimafika kwa mwana nthawi imene ubongo ndi mitsempha zikupangika. Sikelo yambani miyezi itatu isanathe, osadikira mimba ioneke.

M'kamwa mukamamveka ngati mwayamwa ndalama yachitsulo zimachitika pa mimba, mapiritsi owonjezera magazi aja musasiye kumwa. Koma mtima ukamafuna dothi kapena makala auzeni anesi akuyezeni magazi.