Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba m'manja

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg tikudyera ntchito yosamalira okalamba, ena m'nyumba za mabwana, ena m'malo osungira agogo. Monga namwino, chomwe chimandidetsa nkhawa ndi momwe anzathu amawakhulupirira magolovesi. Munthu amavala m'mawa, n'kusintha nawo thewera la agogo, n'kuyankha foni, n'kutsegula chitseko, kenako n'kugwira supuni ya phala. Iye manja ake ali bwinobwino, koma tizilombo watimwaza nyumba yonse. Golovesi ndi ya ntchito imodzi pa munthu mmodzi. Mukavula sambani ndithu, chifukwa imatha kukhala ndi timabowo tosaoneka, ndipo povula zala zimakhudza kunja kwake.

Mu 2009 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatchula nthawi zisanu zoyeretsa m'manja: musanakhudze wodwala, musanayambe ntchito ngati kutsuka bala, mukakhudza magazi, mkodzo kapena chimbudzi, mukamaliza kumukhudza, komanso mukagwira zinthu zomuzungulira. Yomalizayi anthu amaipeputsa. Zitsulo za bedi, kabati ya pambali ndi rimoti ya TV zimakhala ndi tizilombo ta wodwalayo ngakhale iye simunamuyandikire.

Sanitaiza yokhala ndi alcohol wosachepera 60 peresenti ndi yabwino, ndipo m'chipatala ndiyo timagwiritsa ntchito kwambiri. Ipakeni masekondi 20 mpaka 30, pakati pa zala, kunsonga ndi pachala chachikulu, mpaka iume yokha. Osaipukutira pa yunifolomu. Koma manja akakhala ndi litsiro looneka, kapena agogo akutsegula m'mimba, pitani pampopi ndi sopo, masekondi 40 mpaka 60. Pali kachilombo kotchedwa Clostridioides difficile, kamene kamakonda okalamba omwe amwa maantibayotiki, ndipo njere zake sizifa ndi sanitaiza. Zimachoka pozitsuka ndi sopo ndi madzi oyenda. Beseni limodzi losambamo tonse tisanadye nsima lija, pa wodwala ayi. Zikhadabo zomata ndi mphete nazo zimasunga tizilombo. Ndikudziwa kuti ku saluni mwalipira ndalama zambiri, koma pa ntchito imeneyi siziyenera.

Izitu si nkhambakamwa. Kumapeto kwa 2019, makanda khumi anamwalira pachipatala cha Tembisa, kufupi ndi Johannesburg, ndi kachilombo ka Klebsiella kosamva mankhwala ambiri, mu wodi yomwe munali ana ochuluka kuposa mabedi. Tizilombo totere timachoka kwa wodwala wina kupita kwa wina kudzera m'manja ndi pa zipangizo, ndipo wodi ikadzaza anamwino ali ochepa, kusamba m'manja ndiko kumayamba kudumphidwa.

Mukapita kukazonda m'bale kuchipatala cha Bara (Baragwanath) kapena cha Helen Joseph, pakani sanitaiza polowa ndi potuluka, musakhale pabedi la wodwala, ndipo musagwire bandeji kapena paipi ya diripi. Mukaona namwino akufuna kugwira bala asanayeretse m'manja, mukumbutseni mwaulemu. Ifenso timaiwala tikapanikizika.