Wodwala wogona amafunika kutembenuzidwa ka 12 pa tsiku: ndani adzuke usiku?

Munthu akagonera mbali imodzi osatembenuka, khungu lake limatha kuyamba kuwonongeka m'maola ochepa chabe. Ndine namwino woyendera odwala m'makomo kuno ku Mulanje, ndipo pa zonse zimene ndimakumana nazo, zilonda za pogona ndizo zimandiwawa mtima kwambiri, chifukwa zimapeweka popanda kugula mankhwala. Amayi amatuluka m'chipatala atadwala sitiroko, BP yatsika, madokotala anena kuti akapitirize mafizo kunyumba. Pakatha mwezi timawapeza ali ndi bala lakuya pamwamba pa matako, likutuluka mafinya, thupi likutentha. Ena sitiroko amaipulumuka bwinobwino, n'kudzatisiya chifukwa cha balalo.

Khungu ndi mnofu zimalandira chakudya ndi mpweya kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono ta magazi. Munthu akagona, fupa limakanikiza mnofu pa mphasa kapena pa matiresi, timitsempha tija n'kutsekeka. Inu ndi ine dzanzi likatigwira timatembenuka tokha, ngakhale tili m'tulo tofa nato. Koma amene wafa ziwalo, amene anathyoka msana pangozi ya kabaza, kapena agogo amene afooka ndi khansa kapena ukalamba, mwina dzanzilo salimva, mwina akulimva koma mphamvu zodzitembenuzira alibe. Zili ngati udzu umene mwakhazikapo ndowa: mukaichotsa msanga mupeza wachita chikasu, mukachedwa mupeza wafa. Choopsa n'chakuti kuwonongekako nthawi zambiri kumayambira mkati, pafupi ndi fupa. Pamwamba mukamaona kabala kakang'ono, kunsi kwake kumakhala kutaonongeka kale malo aakulu.

Poyang'ana ndi paliponse pamene fupa lili pafupi ndi khungu: pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, ku zidendene, mu akakolo, m'zigongono, m'mapewa, kunkhongo, ngakhale m'makutu. Mabuku ambiri a zachipatala amati muziyang'ana pofiira, koma pa khungu lathu lakudali kufiira sikuoneka msanga. Yang'anani pamene pada kuposa malo oyandikana nawo kapena pamene pakunyezimira, ndipo gwiranipo ndi kuseri kwa dzanja. Pakakhala potentha, polimba, kapena pofewa mosiyana ndi pena ponse, ndiye kuti payamba. Muzichita zimenezi tsiku ndi tsiku pomusambitsa, chitseko chili chotsegula kuti kuwala kulowe. Mukapeza malo otero musawatikite. Ambiri amathina ndi madzi otentha kapena kusisita mwamphamvu poganiza kuti akuyendetsa magazi, pomwe akuphwanyiratu mnofu wovulala kale. Chofunika ndi kusamugonekeranso pamenepo mpaka khungu libwerere mwakale.

Lamulo lathu ndi la maola awiri aliwonse: kumanja, chagada, kumanzere, n'kuyambiranso. Pomugoneka chammbali, asatsamire pa fupa la m'chiuno penipeni. Apendekeke pang'ono, bulangete lopinda lili kumsana, pilo ali pakati pa mawondo. Akagona chagada ikani pilo kunsi kwa miyendo kuti zidendene zilendewere osagunda pansi. Ndipo chonde musamukoke. Kumukhwekhwereza pa mphasa kumasupula khungu, ndipo kukoka dzanja lakufalo kumagulula phewa, lomwe pambuyo pa sitiroko limakhala lolobodoka kale. Yalani chitenje cholimba pansi pake kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, anthu awiri agwire wina uku wina uko, anyamule pamodzi. Chitenjecho chisakhale ndi makwinya kapena nyenyeswa za chakudya. Mkodzo ndi chimbudzi zimafewetsa khungu, choncho akanyowa asinthidwe nthawi yomweyo, asambitsidwe ndi madzi ofunda, apukutidwe mosakhula, apakidwe Vaseline pang'ono. Pepala la pulasitiki liteteze matiresi koma lisakhudze thupi, pamwamba pake pakhale nsalu.

Tsopano tiwerengere limodzi. Tsiku lili ndi maola 24, ndiye kuti kutembenuza ndi ka 12, ndipo kanayi kapena kasanu mwa apo kamagwa usiku anthu ali mtulo. Kunyamula bwino kumafunanso anthu awiri. Kuno kwathu kwa chikamwini zimadziwikiratu kuti ntchitoyi igwera ndani: mwana wamkazi amene anatsala pamudzi. Alongo ake anakakwatira kwina, achemwali ake ali ku Blantyre, wina ali ku Joni. Iye yemweyo ndi amene amalawirira kukathyola tiyi ku esiteti, makamaka nyengo ya mvula pamene tiyi wachuluka, ndipo akajomba malipiro a tsikulo apita. Abwereko atatopa, atunge madzi, aphike, achape, kenaka adzuke 10 koloko, 12 koloko, 2 koloko, 4 koloko. Palibe thupi lingapirire zimenezi mwezi wathunthu. Tsiku lina tulo tidzamuba mpaka kucha, mawa lakenso chimodzimodzi, bala n'kuyamba. Abale akabwera amamuloza chala kuti wanyozera amayi ake. Ine ndikapeza bala ndimafunsa kuti ena onsewo ali kuti.

Njira yachidule imene mabanja ambiri amatenga ndi kuuza mdzukulu wamtsikana kuti ayambe waima kaye sukulu. Zimenezi ndimazikana poyera. Mwana wa sitandade 7 sanganyamule munthu wamkulu popanda kumukoka ndi kudzipweteka yekha msana, ndipo ambiri akaima chonchi kusukulu sabwererakonso. Abambo ndi anyamata nawo amabisala kuseri kwa mwambo, ati mwamuna saona thupi la mayi ake kapena la apongozi. N'zoona, ndipo palibe akuti awasambitse. Koma kugwira mbali imodzi ya chitenje, amayi atafunda bwinobwino, sikuswa mwambo uliwonse. Akamwini amene sangalowe m'chipindamo atunge madzi pa njinga, awaze nkhuni, achape mabulangete.

Sindife anthu ouma manja ayi. Kumapeto kwa sabata khomo la wodwala limadzaza: a Mvano, a Dorika, a kumphakati, atanyamula shuga, buledi ndi Sobo, kudzaimba ndi kupemphera. Zimalimbitsa mtima ndithu, ndipo ndaona odwala osayankhula akuwala nkhope nyimbo yawo ikayambika. Chondidandaulitsa n'chakuti anthu 20 amabwera nthawi imodzi kudzakhala ola limodzi, wosamalira uja ayale mphasa, mwinanso awiritse tiyi, ndipo akachoka watsalanso yekha ndi usiku wonse. Anthu 20 omwewo atagawana awiriawiri, aliyense kudzagonako usiku umodzi, ndiye kuti wosamalira uja wagona tulo tabwino masiku 10 otsatizana. Kugawana ntchito timakudziwa bwino. Pamaliro sitisowa ochezera mpaka mbandakucha, ophika, otunga madzi ndi adzukulu, ndipo palibe amachita kuwapempha. Dongosolo lomwelo likhoza kugwira ntchito munthu akadali moyo.

Za m'manja nazonso tiziganiza bwino. Pakhomo pa wodwala wogona chimene chimatha msanga ndi sopo wochapira. Chachiwiri ndi nsalu. Mu June ndi July chiperoni chikatsika zochapa zimatha masiku zili pachingwe osauma, ndipo wodwala amagonekedwa pa chinyontho chifukwa zosinthira zatha. Zitenje zakale zisanu zimene zili m'sutikesi mwanu ndi mphatso yaikulu kuposa paketi ya shuga. Matiresi, ngakhale opyapyala, ndi abwino kuposa mphasa ya pa simenti, ndipo m'midzi imene namondwe Freddy anasakaza mu March 2023 zogonera ndi zina mwa zinthu zimene mabanja anataya. Mpingo kapena gulu la banki m'khonde likhoza kugula matiresi amodzi oti azibwerekedwa kwa amene wagona.

Pa chakudya, khungu limalimba ndiponso bala limapola ndi zakudya zomanga thupi: mazira, usipa, nandolo, nyemba, mkaka, phala lothira nsinjiro kapena Likuni Phala. Koma samalani ndi kameza. Ambiri odwala sitiroko amatsamwa ndi zamadzimadzi kuposa phala lolimbako, ndipo zimene zalowera kumapapo zimayambitsa chibayo. Mlendo wokoma mtima amene akumwetsa Sobo munthu ali chigonere akhoza kumuika pangozi. Akhazikidwe tsonga, adyetsedwe pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, ndipo akhalebe chikhalire theka la ola atatha kudya. Ngati akutsokomola pomwa chilichonse, uzani achipatala.

Inu amene muli kutali ndipo mumatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, ndalama yochepa yobwera tsiku lodziwika mwezi ndi mwezi imathandiza kuposa yambiri yobwera kamodzi matenda akafika pa kayakaya. Ndi imene imalipira kabaza wokatenga mankhwala a BP, omwe sayenera kudukiza, komanso mnansi wokhala ndi wodwala m'mawa. Mukaimba foni, mukatha kufunsa za amayi, funsaninso mlongo wanuyo ngati wagona, ngati wadya, ngati msana sukumupweteka. Ndipo pa ndalamayo nenani momveka kuti gawo lakuti ndi lake, chifukwa payekha sadzatengapo.

Bala likatseguka, tsukani ndi madzi owiritsa amene azizira, mutasungunulamo supuni yaing'ono imodzi ya mchere pa theka la lita, n'kuphimba ndi kansalu koyera. Phulusa, sipiriti, mankhwala otsukira mano ndi makala a m'batire zisayandikire pamenepo. Mukaona mafinya, fungo, mnofu wakuda, kapena thupi latentha, musadikire tsiku lolembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pitani naye wodwalayo. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya chisamaliro cha odwala matenda amgonagona mu 2014, ndipo ku Mulanje Mission, kuchipatala cha boma cha Mulanje ndi cha Thyolo mukhoza kufunsa anamwino a ntchito imeneyi. Ngati wodwala amalira pomutembenuza, nenani, chifukwa mabanja ambiri amasiya kutembenuza pomumvera chisoni. Mankhwala a ululu alipo, mpaka morphine wakumwa kwa amene akufunikira, ndipo namwino akuuzani nthawi yomwetsera kuti pomugwira ululu ukhale utachepa.

Nkhani zonsezi zikambidwe wodwala asanatuluke m'chipatala. Mwinimbumba aitanitse banja, a kutali alowe pa foni, mayina alembedwe pa kalendala ya pakhoma kuti Lolemba usiku ndi uje, Lachiwiri ndi uje, ndipo wosamalira wamkulu akhale ndi tsiku limodzi pa sabata loti achokepo pakhomo. Pa tsiku lotuluka pitani anthu osachepera atatu, ndipo pemphani namwino kapena wa mafizo akuonetseni katembenuzidwe pa bedi lomwelo, aliyense ayesere ndi manja ake iye akuona.