Namgumi si nsomba, ndipo salavula madzi pamutu

Zaka zonsezi ndikumvabe anthu akunena kuti namgumi ndi chinsomba chomwe chimameza madzi kenako nkumawapopera kumwamba kudzera pachibowo cha pamutu. Abale zimenezi zandikwana, tiyeni tikonze.

Namgumi ali ndi mapapo ngati ife, amapuma mpweya, amabereka mwana wamoyo osati mazira ndipo amamuyamwitsa. Chibowo chija ndi mphuno yake. Akatulukira pamwamba amatulutsa mpweya wofunda mwamphamvu, ukakumana ndi mphepo yozizira umasanduka nthunzi ndipo umanyamulako timadzi tomwe tinali pamphunopo, ndiye patali ukaona zimakhala ngati kasupe. Akanati azilowetsa madzi m'mapapo bwezi akutsamwa.

Amene muli ku Joni mutha kudzionera nokha ku Hermanus, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Cape Town, kuyambira June mpaka November, kaya pa boti kaya mutangoima kumtunda. Yang'anani mchira basi. Wa chambo ndi woimirira ndipo umapita uku ndi uku, wa namgumi ndi wogona, umakwera ndi kutsika. Mtundu wa anamgumi wotchedwa southern right uli ndi mabowo awiri otalikirana nchifukwa chake nthunzi yake imaoneka ngati V. Pa boti muziyang'ananso mbalame, zikaunjikana nkumadumphira m'madzi ndiye kuti pansipo pali tinsomba tambiri ndipo nthawi zina anamgumi amakhala akudya pompo.

Amene muli kutali ndi nyanja pali mavidiyo ojambulidwa pafupi komanso mabuku a sayansi akusukulu. Chonde musanatumize zoterezi pa gulupu kapena kuuza ana, yambani mwafufuza kaye.